Kusula aphunzitsi ali kale pa ntchito: zoyenera ndi zosayenera m'mazoni athu

Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero chawo chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi sanakwane, ndiye boma linalemba ntchito anthu zikwizikwi omwe anali asanapondeko ku koleji yosulira aphunzitsi, n'kuwapatsa choko atangowaunikira kwa masabata ochepa. Pofuna kukonza vutoli kunabwera MIITEP mu 1997, yosula aphunzitsi ali kale pa ntchito. M'zaka zomwezo sukulu zinaikidwa m'mazoni, zoni iliyonse ndi malo ake ophunzirira aphunzitsi (TDC) komanso mlangizi wake, amene tonse timangoti a PEA. Ma TDC oyamba anali 315, ndipo mazoni akhala akuwonjezeka kuyambira nthawi imeneyo.

Maphunziro a aphunzitsi sanalekeze pamenepo. Silabasi ya PCAR inabwera ndi ake mu 2007, pulogalamu ya kuwerenga ya NRP inabwera ndi ake mu 2016, ndipo mu 2018 Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko yolembedwa ya CPD, maphunziro opitiriza a aphunzitsi ali pa ntchito. Nyumba zilipo, maudindo alipo, mabuku a malangizo aliponso. Chomwe chimaduka kawirikawiri ndi kanjira kochokera pa TDC kukafika pa bolodi. Mphunzitsi amapita, amasayina, amalandira satifiketi, koma Lolemba m'mawa amaphunzitsa monga ankachitira kale. Mfundo izi ndalembera a ku ofesi ya maphunziro ya m'boma (ofesi ya DEM), a PEA, ahedi ndi aphunzitsi, ndipo iliyonse ndaiyeza ndi funso limodzi: chasintha n'chiyani kwa mwana amene wakhala pansi m'kalasi muja?

Poyambira

*Choyenera:* Yambani ndi kalasi. Musanalengeze tsiku la maphunziro, a PEA, khalani kaye kumbuyo kwa makalasi angapo a m'zoni mwanu. Tsegulani makope a ana. Itanani ana a Sitandade 2 mmodzimmodzi akuwerengereni ndime yaifupi. Kenaka funsani aphunzitsi eni ake mutu womwe amaudumpha akaupeza pa silabasi. Mphunzitsi aliyense ali nawo mutu wotere. Wina ndi mafulakishoni, wina ndi kuwerenga mapu, wina ndi nkhani za kutha msinkhu zomwe amachita nazo manyazi kuzitchula pamaso pa ana a anansi ake. Mitu imeneyi ndiyo ilowe pa ndandanda ya teremu.

*Chosayenera:* Kuitanitsa maphunziro chifukwa chakuti pali ndalama zofunika kutha chaka cha bajeti chisanatseke. N'chimodzimodzinso kubwereza mutu wa kalembedwe ka masikimu chaka ndi chaka chifukwa ndiwo wosavuta kwa wophunzitsayo. Aphunzitsi amazindikira msanga maphunziro omwe sanawakonzere iwo, ndipo amangokhala chete kudikira nthawi yoweruka.

Apite ndani?

*Choyenera:* Tumizani mwini kalasi. Maphunziro a kuwerenga kwa Sitandade 1 apite amene amadzuka tsiku ndi tsiku kukakumana ndi ana a Sitandade 1. Ahedi, khalani ndi kope lolembamo amene wapita, mutu womwe wakaphunzira ndi tsiku lake, ndipo kopelo likhale poyera mu ofesi kuti aliyense aziona kuti mwayi ukuyenda mosinthana. Kumbukirani aphunzitsi achizimayi oyamwitsa. Ngati malo a maphunziro salola kubwera ndi mwana ndi womulera, ndiye kuti mwawasala musanayambe n'komwe, chikhalirecho ambiri mwa iwo ndi amene asenza makalasi aang'ono.

*Chosayenera:* Kusankha potengera chibale, chipembedzo kapena kumwera limodzi. Pali sukulu zina zomwe nkhope zitatu zokha ndizo zimadziwika pa TDC, pomwe enawo amangomva kuti kunali maphunziro. Koma pali cholakwa china chomwe sitichitchula kawirikawiri ngakhale chimawononga kwambiri: kusintha mphunzitsi kalasi atangobwera kumene kophunzira. Munthu wasulidwa sabata yathunthu pa kaphunzitsidwe ka maliwu ndi maphatikizo, teremu yotsatira ahedi am'kweza kupita ku Sitandade 7 chifukwa akuti ndi wakhama, ndipo ku Sitandade 1 aikako wina amene sanalionepo buku la mphunzitsi la NRP. Ndalama ija yatayika, ana aja abwerera pomwe anali. Muzu wake ndi maganizo akale oti mphunzitsi wabwino ndi wa kalasi ya mayeso. Zotsatira za mayeso a PSLCE zimayambira m'manja mwa amene anaphunzitsa mwanayo kugwira pensulo. Msiyeni mphunzitsi wosulidwayo pa kalasi yake zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo a ku ofesi ya DEM aganizire zimenezi asanasayine kalata yomusamutsa.

Nkhani ya alawansi

Iyi ndi nkhani yomwe imakambidwa monong'ona, koma ndiyo imalamulira zambiri.

*Choyenera:* Bwezerani mphunzitsi zomwe wawononga, ndipo mubwezereni tsiku lomwelo. Amene wachokera sukulu ya kutsidya kwa mtsinje wakwera kabaza, mwina wachita kukongola ndalama yake, ndipo masana ayenera kudya. Malipiro a mphunzitsi wa giredi ya PT4 sangasenze zimenezi mwezi ndi mwezi. Kalata yomuitana inene poyera kuti adzalandira zingati, kapena kuti sipadzakhala kanthu, kuti anyamuke akudziwa. Maphunziro abwino ambiri awonongekera pa tsiku lomaliza, anthu atakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa kudikira wobweretsa ndalama amene foni yake sikupezeka. Chomwe amakakumbukira kunyumba ndi mkwiyo umenewo, phunziro lija laiwalika.

*Chosayenera:* Kulola kuti alawansi ilowe m'malo mwa phunziro. Tinafika poti kalata ikabwera funso loyamba limakhala lakuti, "Kuli kangachepe?" Sindikuweruza mphunzitsi amene amafunsa choncho, chifukwa umphawi wake ndi weniweni. Koma chizolowezichi chapha maphunziro a pasukulu pomwe, amene safuna thiransipoti ndipo alibe envulopu. Ahedi akaitanitsa CPD Lachisanu masana, theka la aphunzitsi limapezeka ndi maliro kapena malungo. Chizolowezichi sichinayambire kwa aphunzitsi. Anachiona kwa akuluakulu omwe amakakambira nkhani za sukulu zakumudzi m'mahotela a kunyanja, ndipo chidzathanso pokhapokha akuluakuluwo atayamba kukhala pa mabenchi a pa TDC. Tinene mosabisa: kusayinitsa anthu masiku asanu pomwe aphunzira masiku atatu, kapena kuwonjezera maina a anthu omwe sanabwere, ndi kuba. Oberedwawo ndi ana.

Zomwe wabwera nazo zifike bwanji kwa anzake

Maphunziro athu ambiri amatsika motsatizana. Akatswiri ochepa amaphunzitsa a PEA ndi aphunzitsi otsogolera, iwowa amaphunzitsa oimira sukulu, oimira sukuluwo amakauza anzawo. Dziko lokhala ndi aphunzitsi zikwi makumi angapo silingachitire mwina. Koma njira imeneyi ili ngati ndowa yobooka: imachoka kuchitsime yodzaza, imafika pakhomo madzi ali pansi. Zomwe zinatenga masiku asanu ku likulu zimatenga masiku awiri pa zoni, n'kudzathera mphindi makumi atatu mu stafu rumu.

*Choyenera:* Wobwera kumaphunziro apatsidwe nthawi yeniyeni, ndipo asonyeze m'malo mongofotokoza. Atenge kalasi ya ana enieni, ndi chiwerengero chawo chonse, aphunzitse anzake akuonerera. Kenaka wina ayesere, enawo anene zomwe aona. Njira ya NRP yoti mphunzitsi ayambe kuchita yekha, kenaka achite limodzi ndi ana, pomaliza ana achite okha, imagwiranso ntchito kwa akuluakulu. Mabuku ndi mapepala omwe walandira awasiye mu ofesi ya ahedi ndipo alembedwe m'kaundula, pakuti ndi a sukulu.

*Chosayenera:* Kuima kutsogolo n'kumawerenga manotsi kuti anzako azikopera. N'zomvetsa chisoni kuona phunziro lonena za kuika mwana patsogolo likuperekedwa ndi munthu mmodzi amene akuyankhula yekha kwa maola atatu. Chinanso ndi kuyeserera pa aphunzitsi khumi omwe akudziyesa ana. Aphunzitsi khumi amamvera, amakweza manja, amayankha molondola. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi aang'ono ambiri ana amaposa 100, ena akulira, ena abereka ang'ono awo, ena kwawo amayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena ndipo Chichewa akuchimvera komweko kusukulu. Njira yomwe sinayesedwe pa kalasi yotere sinayesedwe konse.

Nthawi

*Choyenera:* Maphunziro aatali akhale pa tchuthi, aafupi akhale masana ana ataweruka, ndipo masiku ake alengezedwe teremu isanayambe. Ola limodzi sabata iliyonse, lokhazikika, limapindula kuposa masiku atatu a kamodzi pa chaka.

*Chosayenera:* Kutulutsa aphunzitsi m'kalasi m'kati mwa teremu popanda wotsalira ana. Sukulu ya aphunzitsi asanu ndi mmodzi ikatumiza anayi ku TDC, tsiku limenelo yatsekedwa, ngakhale belu litalira.

Mabuku

*Choyenera:* Buku lifike m'manja. Mabuku a pulayimale amalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, amasindikizidwa ndi ndalama zambiri, amayenda mitunda italiitali pa malole, ndipo NRP inabwera ndi cholinga choti mwana aliyense agwire lake. Ulendo wonsewu usathere m'kabati. Gawani mabuku, lembani m'kaundula, itanani makolo ndi amayi a Mother Group adzathandize kuwakuta ndi mapepala olimba kapena matumba a shuga. Phunzitsani ana kusamba m'manja ndi kutsegula tsamba mosamala. Aloleni apite nawo kunyumba ngati malamulo a sukulu alola, chifukwa mwana amene amawerengera agogo ake madzulo amaphunzira kawiri. Buku la mphunzitsi nalo likhale pa tebulo la mphunzitsi, alitenge kunyumba pokonzekera phunziro.

*Chosayenera:* Kusunga mabuku m'makatoni poopa kuti ang'ambika. Mantha a ahedi ndi omveka: anasayinira mabukuwo ndipo akuopa kudzafunsidwa. Apa a PEA ndi a ku ofesi ndiwo ayenera kumasula ahedi powauza momveka kuti buku lotha chifukwa chowerengedwa silidzaimbitsa munthu mlandu. Buku losungidwa limathabe. Chiswe chimalidya, denga likadontha limawola, silabasi ikasintha limatha ntchito lisanatsegulidwe.

Mawu omwewa apite ku ma TDC. Ambiri ali ndi kachipinda ka mabuku, koma kiyi amakhala m'thumba la munthu mmodzi amene nthawi zambiri ali kumunda kapena ku boma. A ACCO, othandiza a PEA pa TDC, akhale ndi masiku odziwika otsegulira, ndi kope lobwereketsera. Kumene kuli nthambi ya National Library Service pafupi, zoni ikalembetse ndi kufunsa za mabuku obwereka. TDC isasanduke holo ya maukwati ndi misonkhano ya chipani mpaka aphunzitsi kumasowa pokhala.

Zopanga tokha

*Choyenera:* Pitirizani TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zomwe zili pafupi. Zitsekerero za mabotolo, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, nthanga za bwemba, makatoni odula makadi a malembo, dongo loumba mapiri ndi zigwa, zonsezi zimatsegula mutu wa mwana kuposa kungomuuza. Patulani tsiku limodzi pa teremu loti aphunzitsi a kalasi imodzi m'zoni yonse apangire limodzi zipangizo, aliyense apite ndi zake zokwanira magulu a m'kalasi mwake.

*Chosayenera:* Kupanga tchati chimodzi chokongola chongopachika tsiku lobwera alendo. Chipangizo chomwe ana saloledwa kuchigwira ndi chokongoletsera khoma basi. Komanso TALULAR isakhale chobisalirapo cha a ku ofesi. Luso la mphunzitsi silichotsa udindo wotumiza choko, mabuku ndi madesiki.

A PEA akafika pasukulu

Mkokomo wa njinga yamoto ukamveka, pali sukulu zomwe aphunzitsi amathamangira kukalemba masiku pa mapulani a phunziro a sabata yatha. Kumeneko ulangizi unafa kale.

*Choyenera:* Bwerani ngati mlangizi. Oyendera sukulu ali ndi ntchito yawo yoyeza sukulu potsata miyezo 26 yomwe Unduna unatulutsa mu 2015. Yanu, a PEA, ndi kuthandiza kuti sukuluyo ifike pa miyezoyo. Onerani phunziro lonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukatha khalani pansi awiriwiri, pomwe ana sakumva. Muyambitseni mphunzitsiyo kunena yekha momwe waonera phunziro lake. Tchulani chomwe wachita bwino, chenicheni osati chongomusangalatsa, kenaka mugwirizane chinthu chimodzi choti akonze musanabwerenso. Chimodzi chokha. Nthawi zina tengani choko muphunzitse inuyo iye akuonerera. Mlangizi amene amalola kutuluka thukuta pamaso pa ana 120 amalemekezedwa m'zoni yonse, ndipo mawu ake amamveka.

*Chosayenera:* Kudzudzula mphunzitsi pamaso pa ana, kapena pa msonkhano wa stafu pomutchula dzina. Kuthera ulendo wonse mu ofesi ya ahedi kuyang'ana masikimu ndi marejisitala osalowa m'kalasi. Kuyendera sukulu za m'mbali mwa msewu zokhazokha. Sukulu yomwe ili kuseri kwa phiri, yomwe nthawi ya dzinja safikako ndi njinga, ndiyo ili ndi aphunzitsi ochepa ndi ongoyamba kumene. A ku ofesi ya DEM, mafuta a njinga za a PEA musamawaone ngati chinthu chodula poyamba ndalama zikachepa. Popanda mafutawo maphunziro onse aja alibe wowatsatira.

Ongoyamba kumene

*Choyenera:* Mphunzitsi wochokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC), kaya ku Karonga, ku Kasungu, ku Machinga kapena ku Phalombe, apatsidwe mnzake wachikulire pa ntchito womuyang'anira chaka chonse choyamba. Chimodzimodzinso ophunzira a IPTE omwe amabwera kudzayeserera. Amuonetse kalembedwe ka rejisitala, kayankhulidwe ndi kholo lokwiya, ulemu wopereka kwa amfumu ndi a komiti, ndi malire omwe mphunzitsi sadumpha ndi mwana wasukulu. Wachikulireyo nayenso atchere khutu, chifukwa wachinyamatayu wabwera ndi njira zomwe kale kunalibe.

*Chosayenera:* Kumulandira pomupatsa kalasi yomwe aliyense anaikana, n'kumusiya yekha. Wophunzira woyeserera sanabwere kudzapumitsa mwini kalasi kuti azikagulitsa kumsika.

Ahedi, akalaliki ndi a komiti nawo ndi ophunzira

*Choyenera:* Kumbukirani kuti ntchito ya maphunziro m'boma siyendetsedwa ndi ogwira choko okha. Dziko lino lili ndi maboma a zamaphunziro 34, ndipo chiyambireni ulamuliro kupita ku makhonsolo, zambiri zokhudza sukulu za pulayimale zimathera pa ofesi ya m'boma. Kalaliki amene sadziwa kusunga mafayilo amachedwetsa kukwezedwa kwa mphunzitsi ndi zaka. Wolemba ziwerengero za EMIS akalakwitsa, sukulu imalandira mabuku ochepa kuposa ana ake. Anthu amenewa aphunzitsidwe kompyuta, kasungidwe ka zikalata ndi kalandiridwe ka munthu amene wayenda ulendo wautali kudzafunsa za malipiro ake. Hedi watsopano aphunzitsidwe asanayambe kusayinira ndalama zotukulira sukulu za SIG: kalembedwe ka pulani yotukulira sukulu, kagulidwe ka katundu, kasungidwe ka malisiti. A komiti ya sukulu ndi a PTA aphunzire nawo limodzi, m'chilankhulo chawo, kuti podzafunsa za ndalamazo azifunsa zomwe akuzidziwa.

*Chosayenera:* Kutenga mphunzitsi wabwino, kumupatsa makiyi ndi chidindo, n'kuyembekezera kuti utsogoleri audziwa yekha. Ahedi ambiri omwe amapezeka ndi milandu ya ndalama sanabe. Anagula malata popanda lisiti chifukwa panalibe anawauza.

Ana a zosowa zapadera

*Choyenera:* Gwiritsani ntchito aphunzitsi omwe anasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Ndi ochepa, choncho luso lawo ligawidwe. Apatsidwe mpata pa CPD ya zoni aonetse anzawo zinthu zomwe mphunzitsi aliyense angachite mawa lomwe: kuzindikira mwana amene sakumva bwino, kuyang'ana ana poyankhula m'malo moyankhula uli choyang'ana bolodi, kulemba zilembo zikuluzikulu, kukhazika kutsogolo mwana wachialubino ndi kumulola kuvala chipewa chake.

*Chosayenera:* Kupatsa katswiri wotere kalasi wamba yodzaza chifukwa aphunzitsi akuchepa, mpaka osapezanso nthawi ya ana omwe anaphunzirira. Kapena kunena kuti, "Uyu ndi mwana wa a special needs," ngati kuti mwini kalasi alibe naye gawo.

Foni, wailesi ndi matabuleti

*Choyenera:* Gwiritsani ntchito zomwe anthu ali nazo kale. Gulu la WhatsApp la aphunzitsi a Sitandade 4 m'zoni lingathe kutumizirana chithunzi cha bolodi lokonzedwa bwino, kapena mawu ojambulidwa osonyeza katchulidwe ka liwu lachingerezi lovuta. Wailesi tisaiderere. Pulogalamu ya Tikwere ya pa MBC inkaphunzitsa ana ndi mphunzitsi wawo nthawi imodzi, ndipo sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, wailesi ndiyo inafika kumidzi komwe intaneti sinafike. Kumene kwafika matabuleti a BEFIT, omwe anayamba kugawidwa mu 2023, phunzitsani aphunzitsi onse a makalasi aang'ono kagwiritsidwe kake, kuphatikizapo kasamalidwe ka sola ndi mabatire.

*Chosayenera:* Kuganiza kuti uthenga wafika chifukwa mwautumiza pa gulu. Si mphunzitsi aliyense ali ndi foni yamakono, ndipo amene ali nayo mwina alibe bandulo kapena amakwera chulu kuti apeze netiweki. Musatumize buku lonse la masamba mazana awiri pa foni n'kunena kuti anthu aphunzitsidwa. Musalole kuti munthu mmodzi yekha adziwe za matabuleti, chifukwa tsiku lomwe adzasamutsidwe zipangizozo zidzatsekeredwa. Ndipo zithunzi za ana, makamaka zowachititsa manyazi, zisamayende m'magulu amenewa.

Mabungwe otithandiza

*Choyenera:* Bungwe lililonse lilowere ku ofesi ya DEM, lione ndandanda ya boma lonse, lipite komwe kuli kusowa. Zomwe likuphunzitsa zigwirizane ndi mabuku omwe ali kale m'kalasi. Ku sekondale, SMASSE, yomwe inayamba mothandizidwa ndi dziko la Japan pofuna kutukula kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi, inakhalitsa chifukwa inalowa m'dongosolo la Unduna ndipo ophunzitsa ake anali aphunzitsi athu omwe.

*Chosayenera:* Mabungwe atatu kuunjikana pa sukulu imodzi ya pafupi ndi tawuni, lililonse ndi njira yakeyake yophunzitsira kuwerenga ndi mafomu akeake. Mphunzitsi amasokonezeka, n'kumasintha kaphunzitsidwe potengera galimoto yomwe yaima panja. A DEM ali ndi mphamvu yonena kuti, "Kuno kwakwana, pitani uko," ndipo aziigwiritsa ntchito.

Kwa inu aphunzitsi ofuna kupitiriza sukulu

*Choyenera:* Pitirizani. Domasi College of Education, Nalikule College of Education, Mzuzu University ndi University of Malawi zatulutsa anthu ambiri omwe anayambira pa Sitandade 3 ya kumudzi, ndipo maphunziro ena amatheka uli pa ntchito. Musanalipire fizi kulikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi kosiyo n'zovomerezeka ndi National Council for Higher Education, chifukwa pepala losavomerezeka silidzakukwezani. Tsatani njira yopemphera chilolezo. Sungani masatifiketi anu onse mu fayilo imodzi, pamodzi ndi zikalata za ku Teachers Council of Malawi. Koposa zonse, werengani. Mphunzitsi amene sanatsegule buku lina lililonse kupatula la silabasi chichokereni ku koleji sangapatse mwana chilakolako chowerenga.

*Chosayenera:* Kulemba asayimenti yanu pa tebulo la m'kalasi ana akukopera manotsi okha. Digiri yopezeka motero oilipira ndi ana a eni. Inunso ahedi, musakhalire kalata ya mphunzitsi wanu poopa kuti adzakuposani. Konzani naye momwe kalasi yake idzayendere akachoka, ndipo musayinireni.

Maphunziro akatha

*Chosayenera:* Kuyeza maphunziro ndi chiwerengero cha omwe anasayina. Lipoti lonena kuti aphunzitsi onse a m'zoni anaphunzitsidwa limangotiuza kuti anthu anakhala pa mabenchi. Kapepala kofunsa ngati chakudya chinali bwino ndi ngati wophunzitsa ankamveka sikatiuza kanthu za mwana.

*Choyenera:* Bwererani. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, lowani m'makalasi a omwe anaphunzira aja. Onani ngati njira ija ikugwiritsidwa ntchito. Ngati yasiyidwa, funsani chifukwa chake mofatsa, pakuti nthawi zambiri yankho limakhala lomveka: ana ndi ochuluka, mabuku sanafike, phunziro ndi lalitali kuposa nthawi yake, kapena mphunzitsiyo sanamvetse ndipo anachita manyazi kufunsa. Mayankho amenewa akwere kupita ku boma, ku Unduna ndi ku Domasi, kuti olemba mabuku amve zomwe zikukanika pansi. Itananinso ana aja munawawerengetsa poyamba, muwapatse ndime ina yofanana nayo, mumve ngati pali kusintha. Izi sizifuna ndalama ya bungwe lililonse, zimangofuna mafuta a njinga ndi m'mawa umodzi. A PEA, chonde musatseke lipoti la maphunziro musanakaone kalasi.